Kodi kachirombo ka HPV kamasintha tsogolo la wodwala khansa ya kummero?

Anthu ambiri amadziwa kachirombo ka HPV chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero komanso katemera amene atsikana amalandira kuti aipewe. Chimene chimasokoneza ndi malipoti a kafukufuku onena za kachirombo komweka ndi khansa ya kummero. Ena amati odwala amene chotupa chawo chapezeka ndi HPV amakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa anzawo, ena amati amamwalira msanga, ena saona kusiyana kulikonse, ndipo palinso akatswiri amene amakayika ngati kachiromboka kamakhalamo n'komwe m'zotupa zimenezi. Kusamvanaku kumachokera pa mafunso atatu amene kawirikawiri amasakanizidwa ngati funso limodzi: kodi kachiromboka kalimo m'chotupacho, kodi ndi kamene kayambitsa khansayo, nanga kupezeka kwake kumasintha mmene matendawo ayendere?

Mmero ndi khansa zake ziwiri

Mmero ndi njira imene chakudya chimadutsa kuchokera pakhosi kukafika m'chifu, ndipo mwa munthu wamkulu imatalika pafupifupi masentimita 25. Mkati mwake munayalidwa maselo athyathyathya osanjikizana, ofanana ndi a m'kamwa ndi a pakhomo la chiberekero. Khansa yoyambira m'maselo amenewa madokotala amaitcha squamous cell carcinoma, ndipo ndiyo yofala kwambiri padziko lonse: mwa odwala khansa ya kummero 100 alionse, pafupifupi 85 amakhala ndi mtundu umenewu. Imagwirizana ndi fodya, mowa, kumwa zinthu zotentha kwambiri ndi kusowa zakudya zoyenera m'thupi, ndipo inachulukira m'madera awiri akuluakulu. Dera loyamba limayambira kumpoto kwa Iran kudutsa pakati pa Asia mpaka kumpoto kwa China, ndipo lachiwiri limatsika kum'mawa kwa Africa kuchokera ku Ethiopia ndi Kenya, kudutsa Malawi, mpaka kum'mawa kwa South Africa.

Mtundu wachiwiri ndi adenocarcinoma, umene umayambira kumunsi kwa mmero, pafupi ndi chifu. Umenewu umabwera makamaka asidi wa m'chifu akamabwerera kummero kwa zaka zambiri, vuto limene wodwala amalimva ngati chilungulira chosatha, mpaka maselo a pamalopo asinthe n'kukhala ngati a m'matumbo. Ndi wofala ku Europe, North America ndi Australia. Khansa ziwirizi zimamera pamalo amodzi koma ndi matenda osiyana, choncho kafukufuku amene wasakaniza odwala a mitundu yonse iwiri amavuta kumumasulira.

Bungwe lofufuza za khansa la IARC linawerengera kuti m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 511,000 anapezeka ndi khansa ya kummero ndipo pafupifupi 445,000 anamwalira nayo. Kuyandikana kwa manambala awiriwa kukusonyeza kuopsa kwa matendawa. Mmero umatanuka, motero munthu amayamba kuvutika kumeza chotupa chitakula kale.

Kachiromboka ndi mmene kamayambitsira khansa

HPV si kachirombo kamodzi koma gulu la mitundu yoposa 200. Yambiri siyambitsa vuto lalikulu. Ina imabweretsa njerewere za pakhungu, mitundu 6 ndi 11 imabweretsa njerewere za kumaliseche, ndipo nthawi zambiri chitetezo cha m'thupi chimachotsa kachiromboka pasanathe zaka ziwiri munthu osadziwa n'komwe. Mitundu yochepa, makamaka 16 ndi 18, ndiyo ingathe kukhazikika m'maselo n'kuyambitsa khansa. Wasayansi wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndi anzake anapeza mtundu 16 m'chaka cha 1983 ndi mtundu 18 m'chaka cha 1984 m'zotupa za khomo la chiberekero, ndipo ntchito imeneyi inamupatsa mphoto ya Nobel mu 2008.

Njira imene kachiromboka kamawonongera selo imadziwika bwino. Selo lililonse lili ndi mapuloteni amene amaliletsa kugawikana mwachisawawa, ndipo awiri ofunika kwambiri ndi p53 ndi pRb. Puloteni ya p53 imaimitsa selo limene DNA yake, imene imasunga malangizo a chibadwa, yawonongeka, ndipo ngati kuwonongekako sikungakonzeke imalichititsa kudzipha. Ya pRb imayang'anira nthawi imene selo liyenera kuyamba kugawikana. HPV woopsa amapanga mapuloteni ake awiri, E6 imene imawononga p53 ndi E7 imene imalepheretsa pRb kugwira ntchito. Chotupa choyambitsidwadi ndi HPV chimadalira mapuloteni awiriwa kuti chipitirize kukula, ndipo mfundo imeneyi ndi imene mtsutso wonse wa khansa ya kummero watsamirapo.

Zimene madokotala amayeza akamanena za tsogolo la wodwala

Dokotala akamalankhula za mmene matenda akuyembekezeka kuyendera salosera za munthu mmodzi. Amayang'ana gulu la odwala ofanana n'kuwerenga kuti ndi angati amene adakali moyo pakatha zaka zitatu kapena zisanu, kapena amene khansa yawo sinabwerere. Pa khansa ya kummero, chimene chimalamula kwambiri ndi pamene matenda afika: chotupa chalowa mozama bwanji m'khoma la mmero, ngati chafika m'timagulu ta chitetezo timene timatupa munthu akakhala ndi mwanabere, ndiponso ngati chafalikira ku ziwalo zina monga chiwindi ndi mapapo. Ngakhale ku United States, kumene chithandizo chilipo chokwanira, ndi odwala pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse amene amafika zaka zisanu.

Chizindikiro chatsopano, monga kupezeka kwa HPV, chimakhala ndi phindu pokhapokha chikamauza dokotala zimene sakanadziwa poona msinkhu wa matendawo, zaka za wodwala ndi chithandizo chimene walandira. Chinthu chikhozanso kuyambitsa khansa koma osasintha mmene wodwala akhalire, kapena kusintha mmene wodwala akhalire popanda kukhala gwero la khansayo.

Kumene chiyembekezo chinachokera

Chidwi chonse pa nkhaniyi chinakula chifukwa cha khansa ina yoyandikana nayo, imene imamera kumbuyo kwa kamwa, m'matonsili ndi patsinde pa lilime, malo amene madokotala amawatcha oropharynx. M'chaka cha 2000, Maura Gillison ndi anzake ku United States anasonyeza kuti gawo lina la khansa zimenezi limayambitsidwa ndi HPV, makamaka mtundu 16. Patapita zaka khumi, mu 2010, kafukufuku wotsogozedwa ndi Kian Ang anapeza kuti mwa odwala amene chotupa chawo chinali ndi HPV, 82 pa 100 alionse anali moyo patatha zaka zitatu, pomwe mwa amene analibe anali 57 okha. Kusiyanaku kunali kwakukulu moti kuyambira mu 2018 ndondomeko ya ku America yoika khansa m'misinkhu yake inayamba kuwerengera mitundu iwiriyi padera.

Zifukwa zake ndi zingapo ndipo zimathandizana. M'zotupa za HPV, jini (kachigawo ka DNA) imene imapanga p53 nthawi zambiri imakhala yosawonongeka, puloteni yake ndi imene imangoponderezedwa ndi kachiromboka, motero maselo ake amafa mosavuta akawombedwa ndi cheza cha radiotherapy kapena mankhwala a kemo. Chitetezo cha m'thupi chimazindikiranso mapuloteni a kachiromboka kuti ndi achilendo. Komanso odwala amenewa kawirikawiri amakhala ocheperapo zaka ndiponso osasuta kwambiri, ndipo kafukufuku wa Ang yemweyo anaonetsa kuti kusuta fodya kwa zaka zambiri kumachepetsa mwayi umenewu.

Popeza mmero umayambira pamunsi pomwepo ndipo uli ndi maselo a mtundu womwewo, zinali zomveka kuganiza kuti zomwezi zikhoza kuchitikanso kumeneko. Ganizoli silinali lachibwana, koma malo awiriwa sanapangidwe mofanana. Matonsili ali ndi timaenje tozama momwe khungu lake ndi lopyapyala, ndipo kachirombo kamafika mosavuta pa maselo a pansi amene kamafuna. Mmero uli ndi khungu losalala ndi lochindikala, ndipo chakudya ndi malovu zimangodutsa.

Kupezeka m'chotupa ndi kuyambitsa chotupa

Woyamba kunena kuti HPV ikhoza kukhudzana ndi khansa ya kummero anali Kari Syrjänen wa ku Finland, m'chaka cha 1982. Iye anaona pa maikulosikopu kuti maselo ena a zotupazi akuoneka ngati maselo a njerewere zoyambitsidwa ndi kachiromboka. Panalinso umboni wochokera ku ziweto. Ku Scotland, ng'ombe zogwidwa ndi kachirombo ka m'banja lomweli, kotchedwa BPV-4, zinkamera njerewere kummero, ndipo njerewerezo zinkasanduka khansa mwa ng'ombe zimene zinkadya chomera china chapoizoni chotchedwa bracken. Chodabwitsa chinali chakuti khansayo ikakhwima, kachiromboko sikankapezekamonso.

Njira ya PCR itafala, imene imachulukitsa kachidutswa kakang'ono ka DNA mpaka kaoneke, ofufuza m'maiko ambiri anayamba kuyeza zotupa za kummero. Zotsatira zake zinabalalika modetsa nkhawa. Ena sanapeze HPV m'chotupa ngakhale chimodzi, ena anaipeza m'zotupa zoposa theka, ndipo nthawi zina magulu awiri ofufuza m'dera limodzi la China ankapeza zosiyana kotheratu. Akaphatikiza kafukufuku yense pamodzi, nambala imene imatuluka kawirikawiri imakhala pakati pa 20 ndi 30 pa 100 alionse, koma nambala yapakati yochokera ku zotsatira zotalikirana chonchi siuza munthu zambiri. Pa khansa ya khomo la chiberekero zinthu sizikhala choncho, pakuti kulikonse kumene ayeza bwino amapeza kachiromboka pafupifupi m'zotupa zonse.

Nyumba ikapsa ndipo pamalopo papezeka mapazi a munthu, pali zinthu zitatu zotheka. Mwina ndi a amene anayatsa motowo, mwina ndi a munthu wongodutsa, kapena ndi a amene anabwera kudzafufuza. DNA ya HPV m'chotupa ili chimodzimodzi. Ikhoza kukhala ya kachirombo kamene kakuyendetsa khansayo. Ikhoza kukhala ya kachirombo kamene kanamezedwa ndi malovu kuchokera m'kamwa, kapena kamene kanakhala pakhungu loyandikana ndi chotupacho osachita kanthu. Ikhozanso kulowa mu labotale momwemo, ndipo kunena zimenezi si kunyoza ofufuza. PCR imagwira ngakhale tizidutswa towerengeka, ndipo malabotale ambiri a zipatala amadula tinyama ta khomo la chiberekero ndi ta kummero pa makina amodzi, moti mpeni wosasinthidwa ungathe kusamutsa DNA kuchoka pa kanyama kena kupita pa kanzake.

N'chifukwa chake akatswiri anakhwimitsa muyeso. Kuti chotupa chitchedwe choyambitsidwa ndi HPV, pamafunika umboni wakuti majini a E6 ndi E7 akugwiradi ntchito mkati mwa maselo a khansawo, zimene zimadziwika poyeza RNA, uthenga umene jini imatulutsa ikamagwira ntchito, osati DNA yokha. Muyeso umenewu utagwiritsidwa ntchito, manambala anagwa kwambiri. Kafukufuku wa mu 2010 wa ku Linxian, dera la China limene khansayi ndi yofala kwambiri, anatsata njira zokhwima zopewera kuipitsidwa kwa zoyezedwa ndipo anapeza kachiromboka m'zotupa zochepa zedi. Mu 2016, gulu lina linayeza zotupa zochokera ku South Africa, China ndi Iran ndipo silinapeze umboni wakuti HPV ndi imene ikuziyendetsa. Mu 2017, pulojekiti ya The Cancer Genome Atlas inasanthula majini a zotupa za kummero 164 ndipo inafika pa mfundo yomweyo. Pamndandanda wa IARC wa ziwalo zimene pali umboni wokwanira wakuti HPV 16 imayambitsako khansa pali khomo la chiberekero, ziwalo zina zoberekera za amayi ndi abambo, kotulukira chimbudzi, m'kamwa, matonsili ndi oropharynx, koma mmero palibe.

Majini a zotupazo akuperekanso umboni wina. Pafupifupi zotupa 9 mwa 10 zilizonse za squamous cell carcinoma ya kummero zili ndi jini ya p53 yowonongekeratu, ndipo kafukufuku wa mu 2021 amene anasanthula zotupa 552 zochokera m'maiko asanu ndi atatu anaona kuti kuwonongekaku n'kofala m'maiko amene khansayi ndi yochuluka ndi amene ndi yochepa momwe. Chotupa chimene p53 yake inawonongeka kale sichifunanso E6 kuti iiwononge, ndipo chimasowanso chinthu chimodzi mwa zimene zimachititsa khansa ya m'matonsili kumva chithandizo.

Amene amakhulupirira kuti HPV ili ndi gawo pa khansayi ali ndi yankho. Amati kachiromboka kakhoza kuyambitsa kuwonongeka pachiyambi kenako n'kuzimiririka, monga zinkachitikira mwa ng'ombe zija, kapena kamagwira ntchito pamodzi ndi zinthu zina monga zilonda zing'onozing'ono zobwera ndi zakumwa zotentha. Ganizoli ndi lovuta kulitsimikizira, ndipo ndi lovutanso kulitsutsa, popeza likunena za chinthu chimene sichisiya chizindikiro.

Vuto la p16

Pa khansa ya oropharynx, zipatala zambiri siziyeza kachiromboka mwachindunji koma zimapaka kanyama mankhwala oonetsa puloteni yotchedwa p16. E7 ikalepheretsa pRb, selo limayankha mwa kupanga p16 yambiri, choncho kuchuluka kwake ndi chizindikiro chodalirika pamalo amenewo, ndipo kuyeza kwake n'kosavuta. Ofufuza ena anatengera njira imeneyi kummero, koma kumeneko sigwira chimodzimodzi. Jini yopanga p16 imakhala itafufutika kapena kutsekedwa m'zotupa zambiri za kummero, ndipo pamene p16 yachuluka, nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala kuwonongeka kwa pRb kosakhudzana ndi kachirombo. Motero lipoti lonena kuti odwala okhala ndi p16 yambiri anakhala nthawi yaitali likhoza kukhala loona, koma silikutsimikizira kanthu za HPV.

Zimene kafukufuku wa odwala wapeza

Mu 1993, ofufuza a ku Japan ananena kuti odwala amene zotupa zawo zinali ndi HPV 16 kapena 18 ankamwalira msanga. Mu 2006, kafukufuku wa ku Sweden sanapeze kusiyana. Mu 2014, wina wa kumpoto kwa China anapeza kuti odwala oterowo ankakhala nthawi yaitali. Zotsatira zitatu zotsutsanazi zikuimira bwino mmene nkhani yonse ilili, ndipo ofufuza akaphatikiza kafukufuku wambiri pamodzi sapeza mgwirizano wolimba umene onse angauvomereze.

Zofooka zake zimafanana. Kafukufuku wambiri anachitika pa chipatala chimodzi ndi odwala ochepa, mwa amene okhala ndi HPV anali owerengeka, moti imfa ziwiri kapena zitatu zingathe kutembenuza zotsatira. Ambiri anayang'ana m'mbuyo, pogwiritsa ntchito tinyama tosungidwa kwa zaka zambiri momwe DNA ndi RNA zimakhala zitayamba kuwonongeka. Odwala ena anangochitidwa opaleshoni pomwe ena analandira kemo ndi radiotherapy, ndipo zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa ngati phindu la HPV lili pa kumva cheza, silingaoneke mwa amene anangochitidwa opaleshoni. Pamwamba pa zonsezi, ambiri anayeza DNA yokha. Ngati ambiri mwa odwala oikidwa m'gulu la HPV zotupa zawo siziyendetsedwa ndi kachiromboka, kuyerekezera magulu awiriwo n'kuyerekezera anthu ofanana, ndipo kusiyana kulikonse kumene kwaoneka kukhoza kukhala kwamwayi chabe.

Pa adenocarcinoma nkhani ndi yaifupi. Gulu la Shanmugarajah Rajendra ku Sydney, Australia, lakhala likunena kuti linapeza HPV yogwira ntchito m'gawo lina la zotupazi ndi m'maselo amene ali pafupi kusanduka khansa, ndipo mu 2018 linafalitsa zotsatira zosonyeza kuti odwala oterowo ankakhala nthawi yaitali. Magulu ena, kuphatikizapo amene anasanthula majini a zotupa zambiri, sanapeze kachiromboka mochuluka chonchi.

Pakali pano ndondomeko zothandizira khansa ya kummero sizifuna kuti chotupa chiyezedwe HPV, ndipo chithandizo chimasankhidwa potengera mtundu wa khansayo, msinkhu wake ndi mphamvu za wodwala. Kusamala kumeneku kuli ndi maziko. Ngakhale pa khansa ya oropharynx, pamene phindu la HPV n'losakayikitsa, kafukufuku awiri akuluakulu amene zotsatira zake zinatuluka chakumapeto kwa 2018 anayesa kupereka mankhwala otchedwa cetuximab m'malo mwa mankhwala a kemo otchedwa cisplatin poganiza kuti ndi mankhwala osapweteka kwambiri thupi, koma odwala amene analandira cetuximab zinawayendera moipirapo. Katemera wa HPV nayenso sakhudzidwa ndi mtsutsowu, popeza phindu lake linatsimikizika pa khansa ya khomo la chiberekero.

Mafunso amene sanayankhidwe

Funso loyamba ndi lakuti, kodi pali kagulu kakang'ono ka khansa za kummero koyambitsidwadi ndi HPV, ndipo ngati kalipo ndi kakakulu bwanji? Umboni wamphamvu ukusonyeza kuti ngati kalipo ndi kochepa, ndipo kagulu kochepa chonchi kamafuna odwala masauzande ochokera m'zipatala zambiri, oyezedwa ndi njira imodzi yoona E6 ndi E7, kuti zidziwike ngati amamva chithandizo mosiyana ndi anzawo. Zotupa za kumtunda kwenikweni kwa mmero, pafupi ndi pakhosi, zingafunike kuziona padera, chifukwa zina mwa izo zikhoza kukhala zoyambira pakhosi n'kutsikira kummero.

Sizikudziwikanso ngati kusiyana kwa manambala pakati pa madera ndi kwenikweni kapena kukuchokera ku njira zoyezera. Maiko ambiri amene khansayi ndi yofala ndi omwenso ali ndi malabotale ochepa ndi kaundula wa odwala wosakwanira, choncho kumene mayankho akufunika kwambiri ndi kumene odwala otsatidwa bwino kwa zaka zambiri ali ochepa. Ganizo lakuti kachiromboka kamayambitsa vuto n'kuchoka likudikirabe njira yoliyesera, ndipo zotsatira za ku Sydney pa adenocarcinoma zikudikira kuti magulu ena odziimira paokha azipezenso.

Palinso funso limene lidzatenga zaka zambiri. Katemera woyamba wa HPV anavomerezedwa mu 2006, ndipo ambiri amene anamulandira adakali achinyamata, pomwe khansa ya kummero imagwira makamaka anthu opitirira zaka 50. Ngati kachiromboka kali ndi gawo lenileni pa khansayi, chiwerengero cha odwala chiyenera kudzatsika mwa olandira katemera akadzafika msinkhu umenewo, koma ofufuza adzafunika kulekanitsa kutsikako ndi kumene kungabwere chifukwa cha kusintha kwa kasutidwe ka fodya, kamwedwe ka mowa ndi kadyedwe m'zaka zomwezo.